Mfundo za Bambo Mudzingwa

"Onani nokha, amayi. Lero ndi pa 2 Disembala," anatero Takawira akugogoda kalendala ndi chala. "Mwezi wa Mbudzi watha. Tigawe zovala za bambo mawa, ine Lachinayi ndikwere basi."

Amayi ake sanadzutse mutu. Ankapinda malaya a malemu, kuwafunyulula, n'kuwapindanso. Panali patapita masiku atatu chiikireni a Mudzingwa m'manda, ndipo pakhomo panali zii.

"Mbudzi sathera papepala," anayankha. "Mwezi wakhwima dzana lomweli. Mpaka utafa, mizimu ikupuma. Palibe wogawa kanthu."

"Masabata awiri! Ntchito ku Joni indidikira?"

Mlongo wake Shamiso, amene anadwazika bambowo mpaka tsiku lomaliza, anaseka kuseka kowawa.

"Bambo anakudikirani zaka khumi ndi chimodzi, achimwene. Kapena chifukwa iwo sanali bwana wanu?"

Mawuwo anamulasa Takawira, koma munthu wamanyazi sachedwa kupsa mtima. Aliyense kwawo ku Gutu amadziwa kuti mwezi wa Mbudzi sakwatitsa, sagawa za malemu. Iyenso ankadziwa. Anangoiwala kuti kwawo mwezi amauwerengera kumwamba.

Anatsomphola jekete la bambo ake pa msomali kuti aliponye pa mulu wa zogawa. M'thumba munagwa chingwe cha khonje chokulungakulunga, chakuda ndi thukuta la m'manja, chodzaza mfundo.

"Ichi n'chiyaninso?"

Amayi anachitola n'kuchiyala pamwendo.

"Mwezi ukakhwima bambo ako ankamanga imodzi, n'kuutchula dzina." Chala chawo chinayenda pa mfundozo. "Ndira. Kukadzi. Kurume, wa dowe. Chikunguru, wa mphepo yozizira. Nyamavhuvhu, wa fumbi. Anayamba mwezi umene unachoka iwe."

"Nanga zikuluzikuluzi?"

"Zvita, mwezi wa Disembala. Paja unkati ubwera pa Khirisimasi. Ankamanga kawiri, akuti kuti asaiwale kusunga mbuzi yako."

"Chaka chilichonse inkasungidwa," anatero Shamiso, tsopano motsitsa mawu. "Mpaka inakalamba. Ndi imene mwadya pamaliroyi."

Takawira anakhala pansi. Anayenda nazo mfundo zikuluzikuluzo imodziimodzi, khumi, ndipo chisoni chimene anachikaniza kumanda chinamupeza pamenepo. Kumapeto kwa chingwe kunali kosalala. Mwezi wa dzana unakhwima mwini chingwe ali kale m'dothi.

Anayesa kumanga mfundo, koma inamasuka. Zala zozolowera foni zinalephera khonje. Amayi anamugwira manja n'kumusonyeza mmene bambo ake ankapotera.

"Utchule," anatero.

"Mbudzi."

Anakoka mpaka inalimba. Kunatsala kachingwe kotalika ngati chala, kongokwanira mfundo imodzi yomanga kawiri.

"Pamenepo anasiyira ya Zvita," anatero amayi. "Ankati chaka chino ubwera ndithu."

Takawira anadzuka n'kubwezera jekete lija pa msomali.