Telala Amene Ankaononga Manambala

"Ndi mzere umodzi wokha, mwanangu, umodzi basi," anatero Adokotala, akuloza tebulo la manambala pa kompyuta ndi chivindikiro cha bolopeni.

Chitsiriza anasuzumira pa kompyutapo. Chinkamuwawa kwambiri sunali mzerewo ayi, koma mmene munthuyu anakhalira motakasuka pa mpando wa bambo ake, ngati mwini wake wangotuluka kukamwa madzi. Maliro anali atangoikidwa kumene, makatoni a mabuku ali mbwee pansi, koma Adokotala anatulukira m'mawa ndi chikwama chawo, ati pali nkhani yosadikira.

Malemuwo anali mphunzitsi wa zachuma pa yunivesite, wa mtundu uja wosakhulupirira kanthu asanakayeze ndi manambala. Ntchito yawo yomaliza, imene ankagwira ndi Adokotalawa, mphunzitsi mnzawo wa payunivesitepo, inali yofufuza ngati maphunziro a bizinesi amene bungwe lina linkapereka kwa amalonda ang'onoang'ono ankawonjezeradi phindu lawo. Amalondawo anawagawa pawiri mwamaere, ena aphunzire, ena asaphunzire, kenako n'kumawayendera kuti aone amene zikuwayendera bwino. Matenda anawapeza malemuwo lipoti lisanathe.

"Taona," anapitiriza Adokotala. "Mzerewu ukakhalapo, magulu awiriwa akusiyana pang'ono zedi, moti wina akhoza kunena kuti zangochitika mwamwayi. Koma ndikauchotsa, taona tsopano."

Anadina. Pambali pa nambala ina panatuluka kanyenyezi. Chitsiriza ankakadziwa bwino kanthu kameneko, pakuti nayenso ankadyera manambala, kuwerengera za ngozi ku kampani ya inshuwalansi. Pa ntchito imeneyi kanyenyezi ndi chizindikiro choti zimene wapezazo si mwayi chabe. Anthu akuluakulu, madigiri ali phwii pakhoma, amaonda nako kachinthu kosafika ndi njere ya mpunga yomwe.

"Ndiye vuto lili pati?" anafunsa achimwene ake, ataima pakhomo, makiyi a galimoto akulira m'manja. Iwowa ankagulitsa zipangizo za magalimoto, ndipo kwa iwo chinthu chikakwana pamalo pake nkhani yatha. "Nyenyezi yatuluka. Bungwe lanena kuti lipoti likasonyeza kuti maphunziro aja anathandiza, holo yawo yatsopano aitcha dzina la bambo. Holo yathunthu, iwe! Ukungoyenera kunena kuti eya."

Apa ndi pamene panagona nkhani. Adokotala sakanaika dzina la womwalira pachikuto cha lipoti popanda mawu a banja, ndipo amayi anali atasamba kale m'manja. "Funsani wamng'onoyu," anatero, "ndiye ankamva chinenero cha bambo ake." Bungwe linkafuna yankho tsiku lomwelo.

Chitsiriza anapsa mtima, ndipo gawo lalikulu la mkwiyowo linali la bambo ake omwewo. Munthu ameneyo moyo wake wonse sananenepo eya kapena ayi. Ukawafunsa ngati kugwe mvula, ankati zimatengera. Ukawafunsa ngati ndiwo zakoma, ankati poyerekeza ndi ziti. Tsiku limene Chitsiriza anabwera ndi chibwenzi chake kudzachionetsa, anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti munthu mmodzi ndi wochepa kuti anenepo kanthu. Kunyumba anangowatcha a Zimatengera, iwo n'kumavomera bwinobwino. Lero apita, n'kusiyira mwana wawo ntchito imene iwo ankaithawa.

"Bambo anavomera kuti mzerewu uchoke?" anafunsa.

"Tinakambirana."

"Anati chiyani?"

Adokotala anakanda m'mutu. "Anati zimatengera."

"Zimatengera chiyani?"

"Ngati nambalayo inalembedwa molakwika. Ukudziwa mmene zimakhalira, wofunsa mafunso akatopa amatha kuwonjezera ziro."

"Ndiye inalembedwa molakwika?"

Adokotala anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Anawapukuta mpaka achimwene anatsokomola. "Bambo ako unkawadziwa," anatero pomaliza. "Anzathu onse nambala yopatuka chonchi amangoichotsa ali mu ofesi. Iwo ayi, ankakwera basi kukamuona mwini nambalayo ndi maso. Uyunso anapita. Anabwerako akuti nambala ndi yoona."

"Ndiye tikukambirana chiyani pano, Adokotala?"

"Tikukambirana za anthu amoyo, mwanangu." Mawu awo anakwera pang'ono. "Kuchotsa nambala yopatuka si kuba. Munthu mmodzi sangagwetse zimene zachitikira gulu lonse. Lipoti likati sitikudziwa, bungwe litseka chitseko, ndipo ophunzira anga amene ayenda m'misika nthawi yonseyi akhala pakhomo. Tidzalemba m'munsi mwa tsamba kuti tinachotsapo mmodzi."

"M'munsi mwa tsamba, m'timalemba tija tofuna galasi?"

Komabe Chitsiriza ankadziwa kuti munthuyu sakunama. Ophunzirawo anawaona pamaliro, atanyamula bokosi, nsapato zawo zitatha zidendene. Chimenechi chinamukwiyitsanso kwambiri, chifukwa zikanakhala zosavuta Adokotala akanakhala kathyali.

"Ikani matebulo a manambala onse awiri," anatero Chitsiriza. "Lina munthuyo alimo, lina mulibe. Owerenga aone okha."

"Bungwe silifuna matebulo awiri. Likufuna chiganizo chimodzi."

"Iwe, tandimvera," analowerera achimwene. "Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wamkulu pano ndine. Maliro onsewa ndathamanga ndine. Bambo agwira ntchito mpaka tsitsi kuyera, atsala ndi chiyani? Makatoni awa? Lero anthu akufuna kuwapatsa ulemu, iwe ukukakamira mzere. Mzere umadya? Mzere unabwera kudzalira?"

"Achimwene, mukanakhala inu, mungagulitse buleki yakutha chifukwa choti mwaipaka utoto?"

"Usandiphunzitse za mabuleki!"

"Mukukanganirana chiyani m'chipinda cha munthu?" Anali amayi, atalowa ndi mulu wa zovala za malemu pamkono, zimene ankasankha zoti agawire abale. Maso awo anali otupa, koma mawu anali omwe aja ankathetsa ndewu ana akali aang'ono.

"Mwana wanuyu, amayi. Akukana kuti tichotse mzere umodzi."

"Mzere wa chiyani?"

"Ndi munthu, amayi," anatero Chitsiriza, akuwerenga pa kompyuta. "Dzina palibe, amaika nambala chabe. Ndi mayi wina, telala. Anali ndi shopu yabwino ndi antchito ake. Atalandira maphunziro aja anasamukira ku shopu yaikulu, ndiye phindu lake linagwa kwambiri moti akukokera gulu lonse pansi."

Amayi anatula zovala zija pa katoni. "Wa pamsewu waukulu uja? Amene a bungwe anamuuza kuti akuze bizinesi, makasitomala ake osamutsatira?"

Onse atatu anawayang'ana.

"Mukumudziwa?" anafunsa Adokotala.

"Ndingalephere kumudziwa bwanji, ine ndikuyenda m'mavuto ake?" Anakoka diresi limene anavala, kuonetsa mpendero wake umene kutsogolo unkafika m'mawondo, kumbuyo n'kumakwera. "Mukuganiza kuti ndinagula ndekha ichi? Bambo anu atabwerako kumeneko sanadye. Akuti mayiyo watsala ndi makina amodzi, ndipo maso akuyamba kumuvuta. Ine ndinati, nanga simukamupatsako kantchito? Mukudziwa anandiyankha chiyani? Akuti sindingathe, ndiononga manambala. Akuti ndikamuthandiza pano, phindu lake likwera chifukwa cha ine, osati chifukwa cha maphunziro. Ndinawakalipira ine! Munthu akuvutika, inu mukusamala manambala?"

"Ndiye anatani?" anafunsa achimwene, makiyi atasiya kulira.

"Anadikira. Miyezi ndi miyezi, akungowerenga kalendala ngati mayi woyembekezera. Tsiku limene ophunzira anamaliza kufunsa mafunso omaliza, m'mawa mwake anandidzutsa kuti tiyeni tikagule nsalu. Kuyambira pamenepo m'nyumba muno simunalowenso chovala cha m'sitolo. Makatani a pabalaza aja mumaseka kuti ndi opendama, ndi iyeyo. Ndinkati, bambo, mayiyu saonanso bwino. Iwo akuti zimatengera ukuima mbali iti."

Adokotala anaseka mwadzidzidzi, kenako anagwira pakamwa, maso atanyowa.

Chitsiriza anawerama, nadina. Mzere uja unabwerera pamalo pake, kanyenyezi n'kuzima.

"Yankho ndi ayi, Adokotala," anatero. "Dzina la bambo likhale pa lipoti limene mayiyu alimo. Mukafuna matebulo awiri, ndikuthandizani kuwakonza, ndipo ku bungweko ndipita nanu. Mukafuna lopanda iyeyu, lembani dzina lanu lokha."

"Holo yapita imeneyo," anang'ung'udza achimwene, akutuluka. "Banja lino anthu ake! Ngakhale wakufa yemwe akuvutabe."

Adokotala anayang'ana nambala yopanda nyenyezi ija, kenako anayamba kulongedza chikwama pang'onopang'ono.

Amayi anabwerera ku mulu wawo. Anasolola jekete yotuwa imene malemuwo ankavala pokaphunzitsa, naitambasula m'mwamba. Mkono wakumanja unali wautali kuposa unzake, moti sipankafunika tepi kuti munthu aone. Anapukusa mutu, akutsonya chapansipansi.

"Ankaima nayo pamaso pa ophunzira chonchi, osachita manyazi," anatero. "M'mawa uliwonse ankangopinda apa, kuti mayi uja akakumana nawo panjira asaone."

Anapindira mkonowo m'kati mosamala mpaka unalingana ndi unzake, nausalaza ndi chikhatho. Jeketeyo sanaiike pa mulu wa zogawa. Anaikoleka kuseri kwa chitseko.