Khasu Lobwereka

Chaka chomwe fodya adagwa mtengo, amuna a kwa Msinkhula, mudzi wa kuseri kwa Nsaru, adayamba kutha mmodzimmodzi. Msonkho sunkadziwa kuti fodya wagwa. Wina adalowera ku Joni, wina ku migodi ya malasha, ndipo a Dominiko, amuna ake a Rozaria, adati iwo akayesa mwayi ku Halale.

M'mawa wa ulendowo a Dominiko adagulula khasu lawo mumpini, nalipukuta ndi nsalu, nalipereka m'manja mwa mkazi wawo. Aliyense amadziwa kuti mkamwini amafika pamudzi wa mkazi ndi khasu lake, ndipo tsiku lomwe ukwati watha amanyamula khasulo n'kubwerera kwawo. Choncho a Dominiko sadalumbire zambiri.

"Amake Lusiya, khasu ili ndalisiya," adatero. "Mukaona munthu wasiya khasu, dziwani kuti abwera."

Silidali khasu la m'sitolo. Adalisula agogo awo kalekale, anthu akadasungunula okha chitsulo m'ng'anjo, ndipo lidali lakuda, lolemera, loti munthu waulesi akangolinyamula ayamba kudandaula msana. Rozaria adalidzoza mafuta a nsatsi kuti lisachite dzimbiri, nalitsomeka kudenga, pamwamba pa malo ogona. Iye ankalimira lake laling'ono.

Patapita dzinja limodzi kapena awiri, kudabwera wansembe wa ku Nambuma panjinga, mkanjo wake woyera utafiira ndi fumbi. Adasonkhanitsa Akhristu ndi akatekumeni pansi pa mkuyu, nawauza kuti misyoni itumiza mphunzitsi ndi masileti, koma zotsala zonse n'za eni mudzi. Nyumba ya sukulu, yomwe idzakhalenso yopemphereramo Lamulungu, amange okha. Mphunzitsi amudyetse okha.

"Mwana wa eni ake sumulera ndi mtima wonse," adatero wansembeyo m'Chichewa chake chopindikapindika. "Sukulu iyi ikhale mwana wanu."

Anthu adapereka, ndipo tisawanamizire. Amuna omwe adatsala adadula nsichi ndi phaso, amayi adamweta udzu, nazira pansi ndi dothi lakuda. Ena adabwera ndi mtedza, ena maungu. Koma tisawayeretsenso kwambiri. Padali nkhuku zina zomwe zidaperekedwa kwa Mulungu zitasiya kale kuikira, ndi mazira ena oti Mulungu yekhayo ndiye ankadziwa kuti adaikidwa liti.

Mphunzitsi yemwe adatumizidwa adali a Andireya, bambo wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi. Mwambi wawo udali umodzi, ndipo ankaunena polandira chilichonse, ngakhale dzungu lowola mbali: "Kupatsa n'kuika."

Sukulu idatha, koma padasowa choitanira ana. Belu lidali ku Nambuma kokha, ndipo mtengo wake sudali woti n'kuutchula pakati pa anthu osowa msonkho. Ng'oma wansembe adaikana, poti ikalira anthu aziyesa kuti kwatuluka gule. A Andireya adayamba ndi kukuwa, mpaka mawu aakulu aja adasanduka a bakha. Adapachika khasu lothyoka la m'sitolo ya a Yahaya ku Nsaru, koma likamenyedwa linkangoti phwa phwa, osamveka ngakhale kuseri kwa nkhokwe. Ana ankafika dzuwa litakwera, ena osafika n'komwe.

Yemwe adaulula ndi Lusiya, mwana mmodzi yekha wa Rozaria. Ana sasunga za m'nyumba. Adauza aphunzitsi kuti kwawo kuli khasu lomwe mayi ake akaligogoda ndi chala limaimba.

A Andireya adafika tsiku lomwelo. Rozaria adawayalira mphasa, nagwada chapatali.

"Amake Lusiya, ndamva kuti muli ndi belu kudenga."

"Ndi khasu la eni ake, aphunzitsi."

"Zonse zomwe tili nazo n'za Mulungu, mayi. Ife timangosunga."

"Zinazo kapena. Ili n'la a Dominiko."

Aphunzitsi adaseka, koma sadanyamuke. Adapempha kuti angolimva. Rozaria adalitsitsa monyinyirika, aphunzitsi nalilendewetsa pa luzi, naligogoda ndi kamwala. Lidalira ngweee, kulira koonda, kotalika, mpaka mayi wina yemwe ankapita kudambo adaima ndi mtsuko wake n'kucheuka.

"Kudengako likulimira ndani?" adafunsa a Andireya motsitsa mawu. "Likaitana ana, Lusiya adzadziwa kulemba. Tsiku lina adzalembera bambo ake ndi dzanja lake, popanda kupempha munthu."

Mawu amenewo ndi omwe adamugonjetsa. Rozaria adayang'ana khasu, nayang'ana mwana wake, nati:

"Tengani. Koma mumvetse bwino, aphunzitsi. Ndakubwerekani, sindinapereke. Mwini wake akabwera adzalifuna."

"Kupatsa n'kuika, mayi."

"Ine sindinapatse. Ndabwereka."

Adalipachika pa nthambi ya mkuyu ndi chingwe cha chikopa, ndipo kuyambira pamenepo mudzi wa Msinkhula udadziwa nthawi. Linkalira m'mawa kuitana ana, masana pa pemphero la Mngelo wa Ambuye, ndi Lamulungu kuitana akulu. Ngakhale a gule, omwe sankafuna kumva za sukulu, ankaweruka kumunda likalira.

Chaka chilichonse pa masika, anthu akatula zokolola zawo kutchalitchi, a Andireya ankathokoza opereka, ndipo sankaiwala kunena kuti, "Tithokozenso amake Lusiya, omwe adapereka belu lathu." Rozaria ankaimirira kumbali ya amayi, n'kukonza nsalu yake, n'kunena momveka:

"Ndidabwereka, aphunzitsi."

Tchalitchi chonse chinkafa ndi phwete. Nkhaniyi idasanduka nthabwala ya pamudzi. Munthu akakupatsa fodya wofwenkha, unkayamba wafunsa kuti, "Kodi mwapereka, kapena mwabwereka ngati Rozaria?" Iye sankakwiya. Ankaseka nawo, koma chaka chotsatira ankaimiriranso, chifukwa kwa iye sikudali kuseka. Tsiku lomwe akadavomera kuti adapereka, akadavomeranso kuti palibe wodzalifunsa.

Khasu likalira m'mawa, Rozaria ali kumunda, ankaweramuka n'kucheukira kunjira yochokera ku Nsaru. Ankachita zimenezi tsiku lililonse. Njirayo inkabweretsa ogula fodya, asilikali a msonkho, ndi amuna a eni ake atanyamula masutikesi a malata. Wake inkamumana.

Poyamba kudabwera bulangete lofiira, lomwe a Dominiko adapatsira munthu. Pambuyo pake kudangobwera mphekesera, kuti adawaona akuphikira mzungu, kuti adanenepa. Lusiya adaphunziradi kulemba, nalemba, koma yankho silidabwere. Anthu adayamba kutchula mawu omwe Rozaria ankadana nawo: adatchona.

Atsibweni ake, a Kamzati, omwe ankayang'anira mbumba, adatopa nazo.

"Mwana wa mlongo wanga, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka," adamuuza tsiku lina. "Denga likudontha, nkhokwe yapendama. Pali munthu wa kwa Kabudula, adafedwa, wafunsa za iwe."

"Abambo a ku Nambuma adati ukwati wa mutchalitchi sutha mwamuna ali moyo."

"Abambowo adzakufolerera nyumba?"

"Khasu lawo likadali pano, atsibweni."

A Kamzati adalavula malovu pansi n'kuchoka. Kunena zoona, lamulo la tchalitchi Rozaria ankangobisalako. Ngakhale wansembe akadamumasula, iye sakadapita. Ankawakonda a Dominiko, ndipo chikondi chotere sichimva malangizo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Nkhondo ya azungu ili mkati, m'chilimwe mitengo itayoyoka, padafika mlendo wovala nsapato ndi chipewa. Adali a Wilisoni, mng'ono wawo wa a Dominiko, wochokera ku Halale komweko. Rozaria atawazindikira adataya lichero la mphale, nathamanga, naomba m'manja, maso ake akuyang'ana kumbuyo kwa mlendoyo ngati kukubwera wina. Kudalibe wina.

A Wilisoni adapempha kuti aitane atsibweni. Pamenepo Rozaria adadziwa kuti si zabwino, chifukwa moni wamba safuna atsibweni. Adakhala pakhonde atatuwo. Mlendo adayamba ndi za sitima, za kudula kwa nsalu, za mvula ya kumeneko, akutembenuza chipewa m'manja.

"Alamu," adadula Rozaria, "kodi amwalira?"

"Iyayi, ali moyo. Ali bwino ndithu." A Wilisoni adayang'ana pansi. "Adapeza banja konko. Kuli ana. Ndiye andituma kuti ndidzatenge khasu lawo, ndikalisiye kwathu."

Nkhuku idadutsa pakati pawo, ikutola mphale yomwe idatayika ija. Rozaria adaiyang'ana mpaka idazimirira kuseri kwa nyumba. Imfa akadaidziwa polirira. Akadameta, anthu akadabwera kudzakhala naye. Koma ichi chidalibe maliro.

"Adatchulako dzina langa?"

"Adati ndipereke moni kwa onse."

"Nanga la mwana?"

A Wilisoni adangotembenuzanso chipewa chija. A Kamzati adatsokomola, nati mwina n'kwabwino chomwechi, chinthu chithe poyera, mwana wa mlongo wawo apume. Rozaria adaimirira osawayang'ana.

"Khasulo lili kusukulu. Tiyeni."

Adafika ana ali m'kati, akuimba ma a e i o u. Khasu lidali pamalo pake, pakati pake patawala ndiponso patalowa pang'ono chifukwa chomenyedwa zaka zonsezo. A Andireya adatuluka, imvi zili mbuu, choko chili m'manja. A Wilisoni adafotokoza mwachidule. Aphunzitsi adapumira m'mwamba.

"Chikadakhala choperekedwa, ndikadakana, poti cha Mulungu sachitsitsa," adatero. "Koma mayiwa akhala akunena okha pamaso pa mpingo kuti adabwereka. Chobwereka chimabwezedwa."

Adakwera pachitsa, nayamba kumasula chingwe. Mfundo idali itauma, ndipo adalimbana nayo ndi zikhadabo. Khasu lidagwedezeka, nililira pang'ono lokha.

Rozaria adaimirira pomwepo, manja ali pamimba. M'maganizo mwake adaliona khasulo likupita m'thumba la alamu ake, likukafika kwawo kwa a Dominiko, likukatayidwa pansi pa nkhokwe kuti dzimbiri lilidye. Mwini wake sankafuna kulimira. Ankangofuna kuti lichoke kwa iye. Zaka zonse zomwe adaimirira mutchalitchi anthu akumuseka, ankasungira munthu yemwe adatha kutumiza mthenga ulendo wonsewo chifukwa cha chitsulo, osatumizako ngakhale liwu limodzi la mwana wake. Mtima udamuwawa kwambiri.

"Lekani, aphunzitsi."

A Andireya adatembenuka, dzanja lili pachingwe.

"Lija ndinkati ndabwereka lija," adatero Rozaria, "lero ndapereka."

"Alamu, si lanu limenelo," adatero a Wilisoni.

"Adalisiya m'manja mwanga, osati mwanu. Ndidalisungira munthu woti abwera. Munthu ameneyo kulibe." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Mukawauze akulu anu kuti ukwati atenge, ndi wawo. Khasu ndapereka kwa Mulungu. Ngati muli ndi mtima wolitsitsa, kwerani mutsitse nokha."

A Wilisoni nawonso adali munthu wobatizidwa. Adayang'ana khasu, nayang'ana kamtanda ka padenga la sukulu, ndi ana omwe tsopano adali atadzaza pakhomo. Adavala chipewa chawo, nalawira kwa a Kamzati okha, nalowera njira ya ku Nsaru chimanjamanja.

A Andireya adamanganso mfundo ija. Adatsegula pakamwa kuti anene mwambi wawo wa masiku onse, koma ataona nkhope ya Rozaria adaumeza.

Palibe chomwe chidamasuka. Kumudzi ankamutenga ngati wosiyidwa, kutchalitchi adakhalabe mkazi wa a Dominiko, ndipo munthu wa kwa Kabudula uja adali atakwatira kale. Pa masika otsatira aphunzitsi adathokoza opereka monga mwa nthawi zonse. Atafika pa belu adazengereza, kenaka adanena motsitsa kuti, "Ndi amake Lusiya, omwe adapereka." Anthu adadikira mwachizolowezi, ena milomo itayamba kale kumwetulira. Rozaria adakhala pansi, maso ali pa kolona wake. Tchalitchi chidangoti zii, ndipo mayi wina kumbuyo adayamba kusisima.

M'mawa mwake adalawirira kumunda kukasosa. Adadziuza kuti zatha, kuti kulira komwe kumveke tsopano n'kwa belu la sukulu basi, loitana ana a eni ake. Adali atauza aphunzitsi, atauza alamu, atauza mpingo wonse, atauzanso Mulungu atagwada.

Khasu lidalira, ngweee.

Rozaria adangopezeka ataweramuka kale, khasu lake laling'ono lili m'manja, akuyang'ana kunjira ya ku Nsaru. Khosi lake lokha ndi lomwe palibe yemwe adaliuza.