Kambale ka Shuga Pazenera la Bambo

Nditabwerera kwathu patatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndinapeza mtengo wa malalanje ataudula, bambo atafa ziwalo mbali yonse ya kumanja, ndipo pazenera la kuchipinda kwawo pali kambale ka madzi a shuga.

“Ndaikira agulugufe,” anatero mlongo wanga. “Adokotala anati bambo aziona zokongola. Inu mukanabwera msanga bwenzi akuona inuyo.”

Maso anga anali pa njuchi imene inkamwa m’mphepete mwa kambaleko. Bambo njuchi inawalumapo kamodzi ine ndili mwana: khosi linatupa, mpweya n’kutseka, anakapulumukira pakhomo la chipatala.

“Wayamba liti zimenezi?”

“Dzana. Iii achimwene, kanjuchi kamodzi komweko? Mabuku anakupatsanitu mantha.”

“Gulugufe amamwa n’kumapita, alibe wokamuuza. Njuchi ikamwa imakatenga mtundu wake wonse. Tseka zenera!”

Zeneralo linali la dzimbiri, ngati zonse za m’nyumba muno masiku ano. Pamene tinkalimbana nalo, kunja kunali kutayamba kale kung’ung’uza. Linatsekeka, njuchi n’kumagunda galasi ngati mvula yoyamba. Koma imodzi inali italowa.

Inatera pachibwano pa bambo, pamene panadonthera tiyi, n’kuyamba kukwera cha kumlomo. Bambo anatong’ola maso. Dzanja lawo lamoyo linayamba kudzuka pabulangete.

“Bambo, chonde, musagwedezeke.”

Mlongo wanga anatola thaulo.

“Usayerekeze! Ukaiphonya tawaika m’manda.”

Ndinaviika chala m’kambale muja n’kuchigunditsa pamlomo wawo. Njuchi inaima, inagwedeza tinyanga, kenako inakwera pachikhadabo changa. Ndinatuluka nayo mwakachetechete, dzanja lili patsogolo, kudutsa m’kanjira kamdima ka m’nyumbamo mmene kale tinkathamangitsana. Chitseko chakumaso chinakana kutseguka. Nditachikoka mwamphamvu, mbola inalowa.

Ndinakhala pansi pakhomopo, chala chikuyaka moto. Mlongo wanga anabwera, anayang’ana chalacho, kenako khosi langa.

“Bambo ali bwino. Koma inu achimwene... simunatengere iwowo?”

“Sindikudziwa. Sinandilumepo chibadwire.”

“Kuchipatala kwake ndi ola lathunthu.”

“Ndikukumbuka.”

Anathamangira kwa aneba kukapempha galimoto. Ine ndinatsala ndikumeza malovu, kamodzi, kawiri, ndikumvetsera ngati akudutsabe.