Kuseri kwa Makalata

Berthe anali atasonkheza kale moto pamene Gaspard analowa m'chipinda cha malemu mkazi wake. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro a Apolline, koma fungo la makandulo linali lisanathe m'nyumba.

"Achimwene, ndawapeza," anatero mlongo wakeyo akuloza bokosi. "Makalata a zaka khumi ndi zisanu, onse ochokera kwa uyu. Apse lero, mwana wanu asanawaone."

"Uyu" anali Evrard, mkulu wa nzeru zakuya amene mabuku ake ankasowetsa mtendere ansembe. Anabwera kudzacheza sabata imodzi m'chaka cha 1731, osachokanso. Gaspard ankadziwa zonse za chibwenzi cha Evrard ndi Apolline. Iye moyo wake unathera kunkhondo, ndipo akabwera kumudzi atatuwo ankadyera pa tebulo limodzi mpaka amiseche anatopa okha.

Evrard anali chiimire pazenera, pafupi ndi choonera nyenyezi cha Apolline, wigi itapendekeka. Munthu wa pakamwa ngati iye, lero mawu anali akumuvuta.

"Tembenuzani imodzi, bwana," anatero motsitsa.

Gaspard anatembenuza. Kuseri kunali manambala okhaokha, othithikana ngati nyerere. Apolline sankadikira pepala loyera. Masamu akamubwerera ankalemba pa chilichonse chapafupi, ngakhale nsalu ya patebulo.

"Mutu womaliza wa buku lake uli pamenepo," anatero Evrard. "Njira ya nyenyezi ya mchira ija. Matenda anamupeza asanaulembe pabwino. Mukatentha, ntchito yake ya zaka zisanu ndi zinayi yapsa."

"Ndiye lembani inuyo pena," anatero Berthe. "Si paja ndinu anzeru?"

"Mayi, ine ndimatha kukangana ndi mabishopu basi. Masamu awa anandisiya pa tsamba lachitatu. Makalatawa ayenera kupita ku Paris momwe alilimu, kwa anthu owamva."

"Kuti Paris yense awerenge 'njiwa yanga, njiwa yanga'? Achimwene, mwasekedwa mokwanira. Mukufuna asekenso mwana wanu?"

Gaspard anakhala pansi, mawondo akuwawa. Anali atatopa ndi maliro, atatopanso ndi kusekedwa, ndipo moto unali pafupi. Anayamba kusanthula makalatawo kuti angopeza chochita ndi manja. Pa ina masamu anasefukira kutsogolo, mzere wa manambala n'kudutsa pakati penipeni pa mawu oti "ndimakukonda".

Kenaka anaona zolemba za dzanja lake lomwe. Inali kalata yokhayo yaitali imene analembapo, ali kumsasa wa nkhondo, thupi likutentha, akuganiza kuti sadzabwerera. Anali asanadziwe kuti Apolline anaisunga. Anaitembenuza pang'onopang'ono.

Manambala. Pakona, tsamba 12.

Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso, koyamba chimwalirireni mkazi wake.

"A Evrard, taonani. Nanenso ndilimo."

Evrard anayandikira, naona, napukusa mutu. "Masamu akabwera sankaona nkhope ya munthu."

"Achimwene, moto ukuzima," anatero Berthe.

"Uzime," anatero Gaspard.

Gaspard anafunafuna mu muluwo mpaka anapeza tsamba 11 ndi 13, onse makalata a Evrard. Anaika yake pakati pawo, nasanja onse bwinobwino manambala ali pamwamba, n'kumanga ndi kansalu kamene Apolline ankamangira tsitsi akakhala pantchito.