Mlendo wa ku Joni pa tsamba la kachewere

Tsamba la pa intaneti la kopaletivi yathu ya alimi a kachewere ku Tsangano ndinkaliyang'anira ine, Lufina. Ntchitoyi inandigwera chifukwa ndinali nditangomaliza fomu folo, ndipo laputopu imene bungwe lina linatipatsa panalibe wina woidziwa. M'mawa uliwonse ndinkalembapo matumba amene alipo ndi minda yomwe ikukumbidwa, kuti mavenda a ku Blantyre aziona asanatumize malole.

Koma chondidzutsa m'mamawa sichinali kachewere ayi. Tsambali limaonetsa kumene kuli anthu olitsegula, ndipo tsiku ndi tsiku, cha m'ma sikisi, pankaoneka munthu mmodzi wa ku Joni. Ndani angafune mbatata ya ku Tsangano ali ku Joni? Ine ndinkadziwa: Nathan, chibwenzi changa, yemwe anakwera basi kupita komweko zaka ziwiri zapitazo atandiuza kuti ndimudikire. Nambala yake inasiya kupezeka kalekale, koma mumtima ndinkati foni anamubera, ndipo tsambali ndiye kazenera komwe akundisuzumirira.

Tsiku lina a Silvester, wapampando wathu, anati, "Mwana wanga, a bungwe akuti tiikepo mafunso, ogula azinena maganizo awo. Ungathe?"

"Lero lomwe, bambo!"

Ndinaona kuti Mulungu wandiyankha: Nathan apeza polemba. Kudikira sindimatha. Ndinakatenga mafunso opangidwa kale pa intaneti, a nyenyezi zisanu zothwanima zogunda posonyeza kukhutira, n'kuwonjezera chithunzi chachikulu cha maluwa a mbatata omwe iye ankandithyolera. Ndinayesa kamodzi muofesi, pomwe netiweki imagwira bwino, basi ndatha.

Lachitatu kunatulukira a Fanizo, venda wathu wamkulu, lole ili theka.

"Iwe Lufina, tsamba lako lija ladwala chiyani? Ndikuti ndione matumba, kukubwera maluwa, naonso theka! Kodi ndimagulitsa maluwa ine? Bandulo yonse ya intaneti yathera pa kanthu kozungulirazungulira!"

"Pepani, achimwene."

"Pepani sadzaza lole."

A Silvester sanakweze mawu. "Tinakupempha mafunso, osati mpanda waminga pakhomo. Lachisanu likafika zisanakonzeke, laputopu ubweze."

Za laputopu ndinazimva ndi khutu limodzi. Chinandibaya n'chakuti wa ku Joni uja anali atasowa masiku atatu. Ndinamutsekera ndekha pakhomo ndi maluwa anga.

Ndinayambiranso. Chithunzi ndinachotsa, nyenyezi ndinachotsa, mafunso obwereka aja, omwe ankakoka katundu wawo kuchokera kutali asanalole chilichonse kuoneka, ndinawatayiratu. Ndinalemba anga, mawu okhaokha. Chiwerengero cha matumba chizioneka poyamba. Mafunso azidikira pansi, asatuluke mpaka munthu atagunda yekha pomwe palembedwa kuti "Tiuzeni maganizo anu". Ndinabwereka kafoni kosweka ka azakhali n'kukwera kuphiri la kumalire, komwe netiweki imabwera ngati mlendo wamanyazi. Mphepo ya ku Tsangano inandiluma zala. Ndinatsegula, n'kuwerenga: chimodzi, ziwiri, zitatu, tsamba latseguka. Ndinabwereza kasanu. Ndinkati foni ya Nathan ingakhale yachabe bwanji, apa ilowa.

Funso lomaliza a bungwe sanalipemphe: "Muli ndi uthenga kwa woyang'anira tsambali?"

A Fanizo ndiwo anayamba kuyankha: "Tsopano wakula." Ena anadandaula za matumba ochepa. Zonsezo ndinkangozidumpha.

Loweruka, sikisi itangodutsa, wa ku Joni anabwerera. Ndipo analemba. Ndinaima kaye, ndinapukuta manja pa chitenje ngati ndikulandira kalata yeniyeni.

"Zikomo pokonza, masiku apitawa limakana kutseguka. Ine ndine Janeti, mayi a kunyumba kwa a Nathan a kwanuko. Ali ndi munda womwe amalima amayi awo. A Nathanwo za intaneti alibe nazo nthawi, ndiye ndimaona ndine m'mawa ndikamayamwitsa, kuti tidziwe tsiku lokumba. Muziikako zithunzi za minda, kwa apongozi sindinafikeko."

Ndinawerenga katatu, mwina dzinalo lisintha. Ndiye kuti m'mamawa monse muja ndinkathamangira kuofesi, nkhope nditadzola, kukakumana ndi mayi woyamwitsa. Mwamunayo ngakhale kamodzi sanatsegule.

Lolemba, pa msonkhano wa komiti, a Silvester anafuna mayankho onse kuti atumize ku bungwe. Atafika pa la Janeti, anakonza magalasi n'kuwerengera komiti mokweza.

"Mwamva? Mpaka ku Joni! Lufina, wagwira ntchito. Uwayankhe mwaulemu mayiwa. Ndipo pempho lawo ndi lanzeru, koma zithunzizo zikhale zopepuka, tisabwerere ku zija. Uyambire munda wa apongozi awo omwewo."

"Chabwino, bambo."

Ndinapita masana. Amayi a Nathan, omwe ndinkawatungira madzi akadwala, ndinawapeza akupalira. Nditanena chomwe ndabwerera, anaweramitsa mutu.

"Ndimati ndikuuze, mwana wanga, koma pakamwa pankalemera."

"Imani apo, mayi, mizere ioneke bwino," ndinatero.

Anaima, khasu lili m'manja, maso ali kumbali. Ndinajambula, ndinachepetsa chithunzicho, n'kuchiika patsamba dzuwa lisanalowe.