Chitseko cha Khitchini

Miyezi iwiri inatha Jasten asanabweze chitseko, ndipo Mayi Scholastica ankadandaulira aliyense wodutsa pakhomo pawo ku Utale, ngakhale wongofunsa njira. Chinali chitseko cha khitchini, chamlombwa, chokhoma malemu amuna awo. Jasten, mwana wawo, anachizula iwo ali kuchigayo. Pobwera anapeza chadulidwa kale ndi sowo.

Kumukalipira kunali kungotaya malovu. Chitulukireni m'chipatala chaka chatha ndi matenda oumitsa khosi, Jasten sankamvanso. Kwaya anasiya, kabaza anasiya, kuyankhula nako kunangozilala. Ankalemba pansi ndi chala kuti adzabweza, koma mayi ake sukulu analekeza Sitandade 2, ankangofufuta ndi phazi.

Matabwawo anakhomera bokosi lofika m'chiuno. Kutsogolo anaboola chibowo poyezera chivundikiro cha ndowa, m'munsi mwake kabowo kena kolowetsamo paipi. M'ming'alu anamata guluu wosakaniza ndi utuchi kuti mpweya usathawe. M'kati anayalamo thonje, nalonso lotapa m'thumba la mayi ake lomwe linkadikira msika. Sipika yaikulu yoika pachibowo chachikulucho, imene anyamata amati wufa, anachita kusinthanitsa ndi njinga yake.

Mbuzi zinalowa m'khitchini kawiri n'kudya ufa. Mvula inali pafupi. Mayi Scholastica anatumiza mawu kwa Dyton, mwini vidiyo sho ku Balaka, kuti kuno kuli bokosi losinthitsa.

Dyton anafika Loweruka masana pa njinga yamoto, atamangirira batire ndi ampu yokuzira mawu kumbuyo.

"Mayi, ine ndikubweretserani chitseko chapaini, nkhani ithe."

"Paini? Iyayi. Chiswe mudzandithamangitsira ndinu? Chamlombwa, mahinjesi atatu, ndi loko."

"Loko wa khitchini? Mukusungamo golide?"

"Ndikusungamo ufa wanga. Mukapanda kufuna, msewu ndi uwo mwadzerawo."

Dyton anaseka, nati ayambe walimva kaye. Jasten, yemwe sankadziwa chimene mlendoyo wadzera, anathandiza kulumikiza mawaya. Bokosilo linali lisanalirepo chilikhomereni, pakuti ampu analibe.

Linalira. Sinali nyimbo imene Mayi Scholastica anaimva, kunali kugunda kokhakokha, gu, gu, gu, mpaka mbale za pathandala zinayamba kulira zokha, nkhuku n'kubalalika.

"Ili ndatenga!" anakuwa Dyton. "Loko yemweyo ndigula!"

Mayiwo ankayang'ana mwana wawo. Jasten anali atagwada m'fumbi, atalikumbatira bokosilo, chifuwa ndi tsaya atazikanikiza pa thabwa. Maso anatseka. Phazi lake linayamba kumenya pansi, osaphonya ngakhale kamodzi. Kenaka kukhosi kwake kunatuluka mawu, okhota, osasa, osakoma m'pang'ono pomwe. Chaka chathunthu mayi ake anali asanawamve.

"Koma abwanawa akuimba kapena akubuula?" anafunsa Dyton.

"Silikusinthitsidwa."

"Mayi, mwandiitana nokha. Mafuta ndawotcha kuchokera ku Balaka."

"Ndati silikusinthitsidwa. Nanunso makutu anafa?" Mayiwo anapukuta manja pachitenje. "Kachitsulo kanuko, ka mawayako, simungakasiye mpaka Lolemba?"

"Ampu? Ndiye kwanga anthu akaonera chiyani?"

Dyton anazula mawaya mokwiya, kugunda kuja kunaduka. Anamangirira katundu wake, naliza njinga, fumbi koboo kulowera ku Rivirivi.

Jasten anakhalabe chigwadire, tsaya lili pathabwa, kudikira. Atatsegula maso anayang'ana mayi ake, kenaka khomo la khitchini lopanda kanthu lija, nayamba kulemba pansi ndi chala. Ulendo uno mayiwo sanafufute ndi phazi. Anamugwira dzanja n'kupukusa mutu.

Analowa m'nyumba, natulutsa thumba la feteleza lakale ndi misomali iwiri, n'kulipachika pakhomo la khitchini. Mphepo yamvula inalikupiza nthawi yomweyo. Mbuzi yawo yaikazi, yaikulu, inayandikira n'kuyamba kulinunkhiza.

"Nunkhiza lero," anatero Mayi Scholastica. "Iwe ukupita kumsika. Tione ngati ungakwane ampu."