Makwerero Awiri

Mu mzere uja wa nyumba khumi ndi ziwiri munali makwerero amodzi okha, ndipo eni ake anali a Mawaya, nkhalamba ya nyumba yakumapeto. Dzinalo linabwera chifukwa moyo wawo wonse anagwira ntchito yoika mawaya a magetsi m'nyumba za anthu. Atapuma pantchito, zida zawo zinasanduka za onse: makwerero, nyundo, sowo, masipanala, ndi wilibala ya tayala lophwa. Panalibe wogula zakezake. Ugulirenji nyundo pamene msomali umakhoma umodzi pachaka?

Koma a Mawaya anali ndi lamulo lawo. Wobwereka ankayenera kubwera yekha, ndipo chidacho ankachibwezanso yekha tsiku lomwelo, m'manja mwawo. Kupatsirana panjira sankalola. Ndiye ukafuna nyundo unkayamba wakhala pakampando ka pakhonde n'kumva za bondo lawo, za malemu akazi awo, ndi za bwana wina amene anawakalipira popanda chifukwa zaka makumi atatu zapitazo. Pobweza, nkhani inkayambira pomwe inalekezera.

Mphunzitsi wa nyumba yachitatu lamuloli linkamutopetsa. Anali munthu wosunga nthawi, wotchi pamkono, ina kukhoma, yemwe ngakhale moni ankaupereka akuyenda. Komatu sitinganene kuti sankadziwa kufunika kwake. Mwana wa a Mawaya, namwino wokhala kutali, anamufotokozera tsiku lina pageti. Anati ankafuna kuwatenga bambo akewo kuti azikakhala nawo, iwo n'kukana kwamtuwagalu, ndipo anagwirizana chimodzi: akhala m'nyumba yawo malinga ngati anthu akuwaona tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi anagwedeza mutu, maso ali pawotchi.

Loweruka lina babu la pabalaza pa mphunzitsiyo linapsa. Kukatenga makwerero ndi kukabweza kunamudyera ola ndi theka, makope a ana asukulu ali mulu patebulo osachongedwa. Lolemba lake anatulukira ndi makwerero atsopano, opepuka, onyezimira. Mkazi wake anawayang'ana kuyambira pansi mpaka pamwamba n'kufunsa ngati ayamba ntchito yomanga nyumba, kapena zonsezi n'za babu limodzi lija. Manyazi anamugwira, ndipo pofuna kudziyeretsa anati wagulira anthu onse. Mawuwo atatuluka anayenera kuwakwaniritsa. Anawonjezera nyundo ndi sowo, n'kuziika kuseri kwa nyumba yake pansi pa denga, nalengeza kuti wofuna azingotenga, osagogoda, osafunsa, kubweza tsiku lomwe wathana nazo.

Anthu anamuyamikira kwambiri, ndipo iye kuyamikiridwako kunamukomera. Telala wa nyumba yachisanu anati uku ndiye kugawana kwenikweni. Dalaivala wa basi anati tsopano munthu angathe kukonza chitseko popanda kumva za bondo la munthu wina. Anaseka onse, mphunzitsinso anaseka nawo. Mwezi usanathe, kanjira kopita kunyumba yakumapeto kanayamba kumera udzu.

A Mawaya sanadandaule. M'mawa uliwonse ankatulutsa zida zawo pakhonde, kuzipukuta, kuzithira oyilo, madzulo n'kuzilowetsa. Tsiku lina mphunzitsi akudutsa anamuitana n'kumufunsa ngati mababu a masiku ano anasiya kupsa. Iye anaseka, nati akufulumira, adzabwera Lamlungu. Lamlungulo sanapite, ngakhale lotsatira lake.

Lachiwiri lina a Mawaya anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Foni inali patebulo, kuchipinda china. Anagona pasimenti pomwepo mpaka Lachinayi masana, pamene telala anagogoda chifukwa makina ake osokera ankafuna sipanala, ndipo sipanala kuseri kwa mphunzitsi kunalibe. Mphunzitsi atamva zimenezi anakumbukira chinthu chimodzi. Masipanala anali atawaona kale musitolo, ndipo anakonza zoti akawagule kumapeto kwa sabata yomweyo.

Patapita milungu isanu namwino uja anabwera ndi lole kudzasamutsa katundu. Mphunzitsi anathandiza kunyamula mipando, akuyembekezera kukalipiridwa, ndipo kunena zoona ankakufuna kukalipiridwako, mwina mtima ukanapepukako. Koma namwino anangoima pafupi naye akupinda makatani.

"Pafoni ankandiuza kuti mumabwera tsiku lililonse," anatero. "Ankatchula ndi zomwe mwabwereka. Inuyo aphunzitsi, makwerero munkabwereka kawiri pasabata."

Mphunzitsi anatsitsa mpando umene ananyamula. Anamva chisoni chimene sanachimvepo chikhalire, chosakanikirana ndi manyazi, poganiza za nkhalamba ikupeka alendo pafoni kuti isachotsedwe m'nyumba yake.

A Mawaya anali atakhala kale kutsogolo kwa lole, ndodo zoyendera zili pakati pa miyendo, atawonda ngati munthu wina. Anayang'ana nyumba yawo nthawi yaitali, kenako anakodola mphunzitsi. Anati zida zonse asiyira anthu a mumzeremo, koma makwerero akupatsa iyeyo, chifukwa ndi yekhayo amene anaonetsa kuti amawakonda. Sananene mwachipongwe, ndipo n'zimene zinapweteka koposa.

"Bambo, ndinalakwa," anatero mphunzitsi. "Ndikanangobwereka."

"Anu aja ndi abwino, ndi opepuka," anayankha a Mawaya. "Angawa ndi olemera. Kungoti olemerawa ankabwera ndi munthu."

Lole itapita, mphunzitsi ananyamula makwerero athabwa aja paphewa n'kukawaimika kuseri, pambali pa onyezimira. Mkazi wake anatuluka, nayang'ana makwerero onse awiri, n'kubwerera m'nyumba. Kuyambira tsikulo mphunzitsi anaika loko pa zida zonse n'kubwezeretsa lamulo lakale: wobwereka agogode yekha, abweze yekha. Anthu amagogoda ndithu, iye n'kuwaikira kampando kuti akhale. Koma alibe nkhani yoti awauze, ndipo akatuluka kukawatsegulira loko, maso ake amathamangira kunyumba yakumapeto, kumene kunalowa banja lina lomwe linabwera ndi makwerero akeake.